Kubwereranso ku Funso la Misonkhano ya Bajeti ndi Malamulo a Msonkho

M'mbuyomu ndinafunsa ngati maganizo amene akatswiri owerengera ndalama ndi amalonda amapereka pamisonkhano yokonzekera bajeti amafikadi m'malamulo a msonkho. Nditacheza ndi anthu angapo amene amalemba mafomu a msonkho a makampani ang'onoang'ono, ndaona kuti vuto lalikulu lili pa nthawi imene amafunsidwa.

Unduna wa Zachuma umachititsa misonkhanoyi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo mabungwe monga la akatswiri owerengera ndalama la ICAM ndi la amalonda la MCCCI amaperekako maganizo awo. Komabe pamenepo anthu amakambirana mfundo zokha, pomwe mawu enieni a lamulo amaonekera bilu ikafika ku Nyumba ya Malamulo. Popeza kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, amene amawerengera malipiro a antchito ndi msonkho wa VAT amatsala ndi masiku ochepa oti asinthe makina awo ndi kumvetsa zimene bungwe lotolera msonkho la MRA lidzafuna, ndipo cholakwika chaching'ono m'chiganizo chimodzi chimabala chilango kwa wamalonda wosalakwa.

Ku Britain, kuyambira mu 2010, boma linayamba kusindikiza zigawo za bilu ya msonkho miyezi ingapo isanapite ku nyumba ya malamulo kuti akatswiri aziunike. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi yotheka kwathu kuno, ndipo ndikupempha kuti undunawu uzifalitsanso mayankho osonyeza maganizo amene walandira, amene wakana, ndi zifukwa zake.