Thandizeni nzeru: madzi othirira maluwa a m'nyumba akundionongera pansi

Wofunsa, Mpondasi:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha inu odziwa za maluwa mundithandize.

Alamu anga atanyamuka ulendo wa ku Joni chaka chatha anandisiyira miphika itatu ikuluikulu ya maluwa a m'nyumba. Iwiri ndi ya simenti, yofika m'chiuno: wina muli kanjedza wa m'nyumba, wina muli mtengo uja wa masamba onenepa onyezimira amati rubber plant. Wachitatu ndi wadothi, muli Monstera, uja wa masamba ong'ambikang'ambika. Anawalera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pokwera basi anangoti, "Alamu, asafe awa." Ndiye sindingawataye.

Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, Okutobala uno ngakhale fani ikungopemerera moto. Ndimathirira madzulo aliwonse, jagi ya malita 2 mumphika uliwonse. Koma ndikangothira, mphindi isanathe madzi atulukira kale pansi, ofiirira ngati tiyi, n'kuyenderera mpaka kunsi kwa sofa. Pansi pathu ndi pa simenti yofiira, ndipo pamene pakhala miphika polishi yasupuka, patsala mizere yoyera yozungulira. A landilodi anaona ndipo sanakondwe.

Ndinaitana anyamata awiri, tinanyamula miphikayo n'kuikhazika m'mabeseni. Pansi pauma, koma madzi akungokhala m'beseni masiku, chifukwa ndekha sindingautukule mphika wa simenti. Loweruka ndinaunika ndi tochi ya foni ndipo ndinaona timphutsi tikuvinavina m'madzimo. Mtima unangoti myuu, poti mwana wanga wa zaka 4 wadwala malungo mwezi wathawu. Pamwamba pa izo masamba am'munsi a Monstera akuchita chikasu, nsonga za kanjedza zikupsa. Kodi ndi ludzu kapena ndikuwamiza? Nanga madzi otuluka pansiwa anzanga mumatani nawo? Mpopi ukasiya ndimathirira a pamjigo, amene ali ndi kamchere pang'ono.

Bambo wa ku Chimwala:
Matani bowo la pansi pa mphikalo ndi simenti basi, mayi. Madzi sadzatulukanso, a landilodi adzagona tulo.

Mayi wa ku Monkey Bay:
Ayi bambo, musawasocheretse. Ine ndinamata wanga ndi phula, patatha mwezi duwa linagwa lokha. Nditazula, mizu inali yakuda, yofewa ngati chinangwa chovunda, fungo lake losaneneka. Mizu imapuma ngati ife. Bowolo lisiyeni achemwali.

Wosamalira maluwa pa loji ina ku Nkopola:
Mayi, ntchito yanga ndi yomweyi, miphika yotere ndimathirira yambiri. Musanachite china chilichonse, pitani mukayang'ane m'mbali, pamene dothi likumana ndi mphika. Pali mpata? Madzi akamatuluka mphindi isanathe, nthawi zambiri sanadutse m'dothi ayi, adutsa m'mbali. Dothi lakuda lamakande likauma limakhwinyata n'kulekana ndi mphika, monga mumaonera ming'alu m'dambo mwezi uno. Mukathira jagi yonse kamodzi, madzi amangotsetsereka mumpatamo, pakati pomwe pali mizu n'kutsala gwaa. Ndiye mumakolopa madzi ambiri duwa lili ndi ludzu.

Tengani kamtengo kouma kosalala, kautali ngati mthiko, mukalowetse pakati mpaka pansi, mudikire pang'ono, muzule. Muchite mumphika uliwonse, mutiuze zomwe mwaona.

Wofunsa:
Achimwene, ndapita pompano. Mwa kanjedza ndi mwa rubber plant chala changa chikulowa chonse m'mbalimo, kamtengo katuluka kouma ngati sindinathirirepo dzulo. Koma mwa Monstera katuluka konyowa, kamatope akuda, ndipo kakununkha. Beseni lake ndi lomwe ladzaza kwambiri.

Wosamalira maluwa:
Eya, ndiye muli ndi matenda awiri osiyana m'nyumba imodzi. Awiriwo ali ndi ludzu, Monstera akumira. Mphika wadothi umamwa madzi, ndiye ukakhala m'beseni lodzaza umakoka madziwo kubwerera m'mwamba usiku ndi usana. Musamuthirirenso mpaka kamtengo katuluke kongozizira chabe, ngakhale patapita milungu iwiri. Masamba achikasuwo duleni.

Kwa awiri enawo, takasani dothi lapamwamba ndi kafoloko mosamala, mukwirire mpata wa m'mbali ndi dothi losakaniza mchenga, mutsindire ndi chala. Pothirira musakhuthule jagi yonse. Thirani kapu imodzi pakati, pitani mukachite zina mphindi khumi, bwerani muthirenso, choncho katatu kapena kanayi. Mukangoona madontho oyamba pansi, lekani. Mphika waukulu wothiriridwa bwino chotere, uli m'nyumba mopanda dzuwa, sufuna madzi tsiku lililonse. Anga amatha masiku anayi kapena asanu nyengo ino, nthawi ya mwera amapitirira sabata. Musawerenge masiku, funsani kamtengo kaja.

Za beseni: vuto si beseni, vuto ndi loti mphika wakhala m'madzi. Itananinso anyamata aja kamodzi kokha. Ikani zidutswa zitatu za njerwa yootcha m'besenimo, mphika ukhale pamwamba pa njerwazo, ndipo beseni likhale lotambalala kuposa mphika kuti dzanja lizilowa. Pakatha theka la ola mutathirira, chotsani madzi otsikawo. Ine ndimapopa ndi jakisoni wamkulu wa ziweto wopanda singano, womangirira kapaipi kowonda kunsonga. Amapezeka m'mashopu ogulitsa mankhwala a ziweto. Akasowa, siponji kapena chinsanza cha thawulo chimagwira ntchito, mumangofinyira mundowa.

Mlangizi wa zaumoyo, Makawa:
Mayi, ndilankhulepo za timphutsito. Ndi ana a udzudzu, ndipo kukamatentha chonchi dzira limafika pokhala udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena masiku khumi. Choncho madzi asagone m'beseni. Komanso musangowataya: kwechani m'mbali mwa beseni ndi sopo, chifukwa mtundu wa udzudzu wotchedwa Aedes umamata mazira ake m'mbali mwa chiwiya, ndipo mazirawo amapirira ngakhale pouma kwa miyezi, n'kuswa madzi akabweranso.

Ndikutonthozeni pa za mwana. Udzudzu wofalitsa malungo, Anopheles, umakonda kwambiri zithaphwi zapabwalo, m'madambo ndi m'mphepete mwa madzi, zomwe kwanuko kufupi ndi Shire n'zosasowa. Woswana m'mabeseni ndi m'zitini kawirikawiri ndi mitundu ina. Musadziimbe mlandu kuti maluwa ndiwo anamudwalitsa. Koma beseni likhale louma ndithu, ndipo mwanayo azigona m'neti usiku uliwonse, ngakhale kutenthe bwanji.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri a dokotala. Nkhani imeneyi ndi imene imandidya mumtima, sindinagone bwino kuyambira Loweruka.

Mayi wa ku Namwera:
Ife agogo anatiphunzitsa kuyala miyala kapena zigoba za njerwa pansi pa mphika musanathire dothi. Yesani zimenezo, madzi amayenda bwino.

Wosamalira maluwa:
Amayi, ndi ulemu wonse, pamenepo ndasiyana nanu. Nanenso ndinkatero. Koma madzi sachoka msanga m'dothi kulowa m'miyala, amayamba aunjikana pamalire pomwepo mpaka dothi litakhuta. Ndiye mwangokweza chinyontho kuchifikitsa kumizu, n'kuchepetsanso malo a dothi. Phale limodzi lovundikira bowo kuti dothi lisamatuluke ndi lokwanira. Chofunika kukonza ndi dothi lenilenilo. Mvula ikayamba, maluwa akamaphuka msanga, mudzawasamutse: dothi lapamwamba, mchenga wokhakhala wa kumtsinje, manyowa owolerana bwino, muwonjezere mankhusu a mpunga kapena makala ophwanya. Makande okhaokha mumphika ayi.

Mphunzitsi wa ku Malindi:
Palibe wayankha za mizere yoyera. Umenewo ndi mchere wa m'madzi ndi wa feteleza ngati mumathira. Madzi akauma mchere umatsala, pansi pamenepo komanso m'dothi, ndipo ukachuluka umawotcha nsonga za masamba. Mwina kanjedza wanu akuvutika ndi zonse ziwiri, ludzu ndi mchere. Madzi a m'beseni musawabwezere mumphika poganiza kuti mukusunga madzi, ndi omwe atsuka mcherewo. Kathireni pa kapinga panja. Kamodzi pa miyezi iwiri tulutsani mphika pakhonde, muthire madzi ambiri abwino aziyenderera mpaka atuluke oyera. Mvula ikagwa tcherani ya padenga m'dramu lovundikira, maluwa a m'nyumba amaikonda kuposa ya pamjigo.

Wowotcherera, pafupi ndi msika:
Kutulutsa pakhonde mphika wa simenti mayi yekha sangathe. Pitani kwa wowotcherera aliyense akupangireni kathebulo kafupi ka engo ayironi, ka matayala anayi ang'onoang'ono, kusiya mpata kunsi woti thireyi izilowa ndi kutuluka ngati dirowa. Muyeze kaye tsinde la mphika ndi chingwe, ndipo muwauze kuti ndi wa simenti kuti asaike matayala a pulasitiki ofooka. Apake penti, apo ayi dzimbiri lidzadetsanso pansi.

Wofunsa, patapita masiku asanu ndi limodzi:
Ndabweranso abale anga. Miphika yonse yakwera panjerwa, mabeseni ndakwecha. Jakisoni ndinamupeza. Lachiwiri ndinathirira kanjedza pang'onopang'ono monga munanenera: wamwa pafupifupi malita 3, ndipo otsikira m'beseni sanadzaze ngakhale kapu. Lero kamtengo katulukabe konyowa, ndiye sindinathire. Pansi ndachapa ndi bulashi, ndikudikira paumitsitse ndipake polishi ya Cobra. Kathebulo ka matayala ndiyamba ndi kamodzi mwezi ukatha.

Monstera yekha ndiye akundidetsabe nkhawa. Sindinamupatse ngakhale dontho, fungo lachepa, koma tsamba linanso lachita chikasu dzulo, ndipo tsinde pafupi ndi dothi likuoneka lofewa mbali imodzi. Achimwene a ku Nkopola, ndidikire mvula monga munanenera, kapena ndimuzule mawa ndione mizu? Ndipo ngati ndingadule kanthambi kokhala ndi muzu wa m'mwamba uja n'kukaika m'botolo la madzi, kangaphuke kuti alamu akadzabwera pa Khirisimasi adzapeze kenakake?