Kodi moyo uli ndi tanthauzo popanda Mulungu?

Wofunsa: Abale, ngati Mulungu kulibe, moyo ungakhale bwanji ndi tanthauzo? Kapena yankho lili ndi Akhristu okha?

Mphunzitsi: Pamenepa pali mafunso awiri. Loyamba: tinalengedweranji? Limeneli limafuna Mlengi. Katekisimu wamfupi wa Westminster wa 1647 amati munthu alipo kuti alemekeze Mulungu ndi kukondwera naye mpaka muyaya. Lachiwiri: n'chiyani chimapatsa moyo wanga phindu? Wosakhulupirira amakana loyambalo basi.

Wokayika: Zoonadi. Sartre, katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, ankati munthu amayamba wakhalapo, kenako n'kudzisankhira chimene akhale. Koma mfundoyi imatsimphina, chifukwa wongokhalira kuwerenga mchenga nayenso wasankha. Susan Wolf, katswiri wina wa nzeru zakuya wa ku America, amaikonza ponena kuti pamafunika zinthu ziwiri: uzichikonda chinthucho, ndipo chikhale chaphindudi. Mkangano umabuka pachiwiripo: amagamula kuti ichi n'chaphindu ndani?

Mlaliki_7: Ife Akhristu timati amagamula ndi Mulungu. Komabe tisamapupulume kunena kuti choti chidzatha n'chopanda pake. Amene wadyetsa wanjala lero wachita chinthu chenicheni, kaya kumwamba kulipo kapena ayi. Ndipo kudziwa cholinga sikuchotsa kugwa ulesi. M'Baibulo momwemo Mlaliki akudandaula kuti zonse n'zachabechabe.