Switch ikuiwala dzina ndi nthawi magetsi akazima, ndikulakwitsa pati?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwagwira ntchito za netiweki kwa nthawi yaitali. Ndinapatsidwa udindo woyang'anira switch (chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki) ya ma port 24, ndiko kuti malo 24 olowetsamo mawaya, ndipo sabata yatha ndinalowa pa tsamba lake la System Settings kukakonza dzina la chipangizocho, tsiku ndi nthawi, komanso pasiwedi ya admin imene inali ikadali ya kufakitale. Zonse zinaoneka kuti zatheka, koma magetsi atazima n'kuyakanso ndinapeza dzina lakale labwerera, pasiwedi yatsopano ikukanidwa, ndipo ma log (zolemba za zimene zachitika pa chipangizo) akuonetsa kuti tili pa 1 Januwale 1970.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi nthawiyo, chifukwa pali port imodzi imene imaduka mwa apo ndi apo, ndipo sindingathe kufananiza ma log a switch ndi a router (chipangizo cholumikiza netiweki yathu ndi intaneti) pamene chipangizo chilichonse chili ndi tsiku lakelake. Ndinalemba pool.ntp.org, dzina la ma seva opereka nthawi, m'bokosi la NTP (njira yotengera nthawi yolondola kudzera pa netiweki) koma palibe chinasintha. Kodi chipangizochi chawonongeka, kapena pali pamene ndinadumpha?

Woyankha woyamba: Achimwene, chipangizo chanu chili bwinobwino, ndipo mavuto anu ndi awiri osiyana. Ma switch ambiri amasunga makonzedwe m'malo awiri: running-config imakhala mu RAM (malo osungira zinthu mongoyembekezera) ndipo imafufutika magetsi akazima, pamene startup-config ndi imene chipangizo chimawerenga poyaka. Batani la Apply limangosintha running-config. Fufuzani pamene palembedwa Save Configuration, kapena ngati mukugwiritsa ntchito CLI (polembera malamulo) yofanana ndi ya kampani ya Cisco lembani copy running-config startup-config.

Woyankha wachiwiri: Ndiwonjezere pa za nthawi, poti apa ndi pamene ambiri amataya masiku. Zipangizo zambiri zotere zilibe batire la wotchi, choncho zikayaka zimayambira pa tsiku loikidwiratu, ndipo 1970 mwaionayo ndi pamene makina a Unix amayambira kuwerenga nthawi. Kuika nthawi pamanja n'kungodzivutitsa, chifukwa idzatayikanso. NTP ndiyo njira yake, koma kumbukirani kuti switch imatha kudutsitsa bwinobwino intaneti ya makompyuta ena iyo yokha isakudziwa njira yotulukira. Kuti ipeze pool.ntp.org ikufunika default gateway (adiresi ya router yotulukira kunja) ndi DNS (seva yosandutsa maina kukhala ma adiresi) yakeyake, ndipo firewall (chosefa mauthenga a pa netiweki) iyenera kulola mauthenga a mtundu wa UDP pa port 123; port imeneyi ndi nambala ya khomo la mauthenga, osati polowetsa waya. Yesani ping (lamulo loona ngati chipangizo china chikuyankha) kuchokera pa switch yomweyo, poyamba ku IP (adiresi) ya router, kenako ku dzina la seva. Ine ndimakonda kuti router itenge nthawi kunja, ndipo zipangizo zonse za m'kati zizitenga kwa router, ngati ili ndi mphamvu yokhala seva ya NTP. Musaiwale time zone, chifukwa NTP imapereka nthawi ya UTC yokha, imene ndi nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, osati ya dera lanu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu, mwandithandiza. Bokosi la gateway linalidi lopanda kanthu, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinkalidutsa poganiza kuti ndi la router yokha. Nditalembamo IP ya router ndi DNS, nthawi inalondola patangopita mphindi zochepa. Ndasunga makonzedwe, ndazimitsa dala n'kuyatsanso, ndipo dzina ndi pasiwedi zakhazikika. Ndaona kuti mizere yoyambirira ya log ikutulukabe ndi 1970 mpaka NTP italumikizana, komanso ma log akale onse afufutika.

Woyankha wachiwiri: Zimenezo n'zoyembekezereka, popeza ma log nawonso amakhala mu RAM. Atumizeni ku seva ya syslog (yosunga ma log a zipangizo zina), imene imamvera pa UDP port 514 ndipo ingathe kukonzedwa kuti izilemba nthawi yakeyake polandira uthenga uliwonse. Pamene muli pa tsamba lomwelo zimitsaninso Telnet, njira yolowera mu switch muli kutali imene imatumiza pasiwedi yosabisa, muzilowa ndi SSH kapena HTTPS, zimene zimaibisa. Mukapeza ma log a port ikudukayo muwaike pano tiwaone.