Mwana wanga akudzikanda mpaka magazi, akuti ndi eczema, ndithandizeni

Admin ndibiseni dzina chonde.

Azimayi anzanga ndafika pothedwa nzeru. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 4, timakhala ku Bangwe ndiye a ku Blantyre mukudziwa mmene kumazizirira kuno June ndi July chiperoni chikatsika. Ikangofika nyengo imeneyi khungu lake limatuwa mbuu ngati wagubuduka paphulusa kenako kuyamba kuyabwa, makamaka mopinda mikono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. Usiku sitigona, ndimangomva zikhadabo zikukwecha mu bulangeti, kudzuka mmawa shiti ili ndi timadontho tamagazi.

Kuchipatala anati ndi eczema, anatipatsa hydrocortisone, tapaka sabata imodzi zinasiya koma patangotha masabata awiri zayambiranso. Apongozi akuti chimenecho ndi chikanga chimafuna madzi otentha kwambiri, sopo wa mankhwala ndi kukwecha ndi chinkhupule. Ndinamvera masiku atatu mwana kulira ngati ndikumupha, pomwe panali pongotuwa panayamba kung'ambika. Pano neba wandipatsa kachubu kena kogula mumsika kopanda ndi pepala lomwe, ndapaka masiku awiri okha khungu lasalala, koma kufulumira kwakeko ndi komwe kukundiopsa. Ndipitilize? Nanga ndizimudzoza chani poti loshoni yonunkhira ija akangodzola amati ikuwawa. Kunazale nakonso makolo ena ayamba kunong'ona kuti apatsira ana awo, zikundipweteka mtima.

Mayankho

Make Tada: Mayi kachubuko kasiyeni kaye. Yang'anani tizilembo tating'ono pambali, mukaona betamethasone kapena clobetasol dziwani kuti ndi steroid wamphamvu, yemwe uja amaikidwanso m'mafuta oyeretsa khungu. Zimachira msanga inde koma khungu limapyapyala, mukasiya zimabwera zokwiya kuposa kale. Pa mwana wa zaka 4 ayi ndithu, pokhapokha adokotala atalemba okha.

NaPhiri wa ku Area 25: Wanga anayamba ali ndi miyezi 8 pano ali sitandade 3. Chomwe ndinachedwa kumvetsa nchoti hydrocortisone amangozimitsa moto, ntchito yeniyeni ndi kudzoza tsiku ndi tsiku ngakhale khungu likuoneka bwinobwino. Madzi ofunda chabe osati otentha, asapitilire maminitsi 10 m'bafa, pomupukuta muzingogunditsa thaulo osakhula, ndiye thupi lisanaumiretu mpakeni Vaseline yoyera ija yopanda fungo, yambiri ndithu mpaka azinyezimira ngati chitumbuwa kkkk. Masana pakaninso, pogona pakaninso. Chinkhupulecho apongozi asambire okha.

Anonymous: Mwatsimikiza kuti si mphere? Kwathu tinkati eczema kumapezeka nyumba yonse tikukanda.

Wolemba: Ayi enafe tilibe, ndipo pakati pa zala palibe kanthu. Bambo ake okha ndi amene ali ndi mphumu kuyambira ali mwana.

Make Tada: Ndiye zikugwirizanatu, eczema ndi mphumu zimayendera limodzi kumtundu. Sizipatsirana, aphunzitsiwo akawauze makolowo.

Anganga a Mwayi: Mwanangu, juzi yaubweya ija ya pakaunjika isamakhudze thupi, muzimuveka kaye kamalaya ka kotoni mkati. Zovala zake muzitsukuluza kawiri katatu sopo waufa achokemo yense. Zikhadabo kuwenga sabata iliyonse, mdzukulu wanga tinkamuveka masokosi m'manja pogona.

Sis Mphatso: Ine m'malo mwa sopo ndimasambitsira aqueous cream, koma chenjerani musamusiye nayo pathupi ngati mafuta odzola, mu aqueous cream wambiri muli mankhwala otchedwa sodium lauryl sulphate amene amayabwitsa ana ena. Odzola funsani ku pharmacy mafuta opanda mankhwala amenewa, chibotolo chachikulu chimakhalitsa. Ndipo mukaona payamba kutuluka timadzi, nkhanambo zachikasu kapena thupi latentha musadikire za muno, thamangani kuchipatala. Poti muli ku Blantyre pemphani akutumizeni ku kiliniki ya khungu ku Queens, kachubuko mukatenge akakaone.

Wolemba: Ndayang'ana pakachubu paja, palembedwadi clobetasol, mtima wanga wagunda. Ndakabisa pamwamba pa kabati mawa ndipita nako. Koma funso lina, Vaseline ndi hydrocortisone ndiyambe kupaka chiti, kapena ndingosakaniza?