Agogo akuti Joni sanamuone

Chikondi: Mwadzuka bwanji nonse. Agogo afika usiku wathawu, basi inalowa pa Park Station cha m'ma 11. Miyendo yatupa pang'ono, masiku awiri pampando si masewera, koma phala amwa ndipo Amina amunyamula kale. Abweretsa usipa, nsinjiro ndi ufa wa mgaiwa. Aliyense gawo lake lili pano.

Amalume Josamu: Tithokoze Mulungu. Uwauze ndibwera madzulo ndikaweruka.

Mayi aang'ono: Usipa wanga musaukhudze, ndimakudziwani inu a ku Mayfair 😂

Chikondi: Koma pali nkhani. M'mawa uno ali pakhonde andiuza kuti, "Iwe, Joni weniweniyo ali kuti? Undiperekeze ndikamuone." Ine ndati agogo, si inu munagwira ntchito kuno zaka ziwiri? Akuti ayi, iwo Joni sanamuone. Anakwera ndege ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi, pa Chileka mu 1972, kukatera ku Francistown, kuchoka apo sitima, mpaka kukawatula ku komponi ku Boksburg. Kuyambira pamenepo kudzuka ndi kumgodi, kuweruka ndi kukomponi. Tauni akuti ankangoona magetsi ake patali. Ndiye andifunsa kuti nanga inu mwakhalitsa kuno mwaonako chiyani. Kukamwa kwandiuma. Zaka 9 ine ndimadziwa Mayfair, renki ya Bree ndi kuntchito basi.

Gift: Ine ndimadziwa maluwa a mabwana a ku Fourways, mtundu uliwonse ndi dzina lake. Ndikawatengere kumeneko akaone kapinga?

Amalume Josamu: Inu ana musandiphatikize. Ine ndinafika kuno mu 2003, chaka chomwe anatsegula mlatho wa Mandela uja wochoka ku Braamfontein kupita ku Newtown. Joni ndimamudziwa ngati chikhatho changa.

Mphatso: Amalume, mlathowo munayamba mwatsikapo n'kuima, kapena mumangowoloka muli mtulo mu takisi?

Amalume Josamu: Esnart, mwana wakoyu umulangize.

Mayi aang'ono: Achimwene, yankhani funsolo kaye 😂

Amalume Josamu: Chabwino, sindinatsikepo. Munthu wothamangira kuntchito angaime pamlatho kuti aone chiyani, njanji?

Chikondi: Ndiye ndi zomwe akunenazo agogo. Ndikupempha tipatule tsiku limodzi lathunthu, tonse, tiwayendetse. Nafenso tione komwe tikukhalaku. Abwerera kumudzi kumayambiriro kwa October.

Azakhali: Ganizo labwino mwana wanga. Koma Loweruka ine ayi, mukudziwa kale ndi Sabata.

Bambo a Amina: Lachisanu ndili ku mzikiti masana, ndipo Loweruka ndi pamene makasitomala amadzatenga zovala zawo.

Mayi aang'ono: Lamulungu ndili ndi kwaya, tikukonzekera Paper Sunday.

Gift: Banja limodzi, masiku opemphera atatu. Agogo abwerera asanaone ngakhale robot imodzi.

Mphatso: Pa 24 September ndi holide, Heritage Day. Sukulu kulibe, ndipo ndi pakati pa sabata, sipagunda tchalitchi cha munthu.

Gift: Ine madam andimasula ndikawauziratu. Alamu, makina osokera apumeko tsiku limodzi, safa.

Bambo a Amina: Alamu, inu pakutha pa mwezi mumalandira ngakhale mugone. Ine ndikatseka shopu ndatseka mphika. Koma poti ndi agogo, ndavomera.

Amalume Josamu: Mkamwini walankhula bwino. Pa 24 pakhale pomwepo. Tsopano malo. Ine ndikuti Soweto, msewu wa Vilakazi ku Orlando West. Nyumba ya Mandela ili pamenepo, nambala 8115, ndipo ya Bishopu Tutu ili mumsewu womwewo. Anthu awiri olandira mphoto ya Nobel, msewu umodzi. Azungu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzajambulitsa pamenepo, ife tili pakhomo sitinapondepo.

Gift: Amene amadziwa Joni ngati chikhatho uja nayenso sanapondepo?

Amalume Josamu: Iwe Gift, usipa wako ndikautenga ine madzulo ano.

Gift: Pepani amalume 🙏 Koma ine ndikuti Gold Reef City. Ana akasangalala ndi zokwera zija, komanso malowo anamanga pa mgodi wakale wa golide. Ndinamva kuti amatsitsira alendo pansi kukaona mmene zinkakhalira. Agogo akakumbukira unyamata wawo.

Chikondi: Ndawawerengera uthenga wako. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Ndilipire ndalama kuti ndilowe mumgodi? Kale ankandilipira ndine, ndipo ngakhale apo ndinkalowa mtima uli m'mwamba. Muuzeni Gift akalowe yekha."

Mayi aang'ono: Komanso matikiti a kumeneko kuchulukitsa ndi chigulu chathuchi, thumba silingapirire. Sukulu fizi ya ana a achemwali kumudzi sitinatumize.

Mphatso: Ndinene langa? Aphunzitsi athu a mbiri anatitengera ku Newtown, kuli malo otchedwa Workers' Museum. Ndi komponi yeniyeni, anamanga mu 1913, munkagona amuna ochokera kutali amene ankagwira ntchito za khonsolo ya mzinda. Sanaigwetse. Mabedi ake ndi a simenti, ogundizana, ena pamwamba ena pansi. Kuli ndi kachipinda kotsekeramo munthu akalakwa, ndipo nyumba za akapitawo achizungu zili pambali pomwepo. Ine ndinkangoona ngati za mayeso, sindinkadziwa kuti agogo anagonapo malo otere.

Azakhali: Koma zimenezo si zowakumbutsa mavuto munthu wamkulu? Tsiku lachisangalalo tikawalize?

Mayi aang'ono: Inenso ndikuopa zomwezo alamu. Ife tikukula nkhani za ku Wenela sankazikamba. Timangodziwa wailesi ndi njinga zomwe anabwera nazo.

Chikondi: Dikirani ndiwafunse okha.

Chikondi: Eee. Anakhala chete nthawi yaitali, ine mpaka kuganiza kuti ndalakwitsa. Kenaka akuti kumeneko ndiye koyambira. Ndilemba mmene anenera: "Mphatso anaona simenti, koma sanaone mmene munthu amagonera pamenepo. Ndikamuonetsa. Jekete umapinda n'kutsamira, nsapato umagona nazo kumutu kuopa akuba, ndipo mu June simentiyo imalowa m'mafupa. Chipinda chimodzi ife a ku Malawi, china a ku Mozambique, china Abesuthu. Pansi pa mgodi tonse tinkamvana m'Chifanakalo." Akuti nambala yawo ya ntchito akuikumbukirabe, anditchulira osaphonya, pomwe nambala ya foni yawo saidziwa.

Amalume Josamu: Bambo sanandiuzepo zimenezi ine mwana wawo.

Chikondi: Akupitiriza, ine ndikungolemba. Akuti mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, inapha anthu oposa 70, ambiri Amalawi obwerera kumudzi atamaliza kontirakiti. Mnzawo wa ku Linthipe amene ankagona naye moyandikana anali momwemo, atanyamula bulangete la amayi ake. Kamuzu atamva analetsa zolemba anthu ntchito ku Wenela, ndipo iwo atabwerera kumudzi chaka chomwecho sanabwerenso mpaka dzulo. Zaka zoposa 50.

Azakhali: Mayo ine. Ndiye tipite ndithu. Ndabweza mawu anga.

Amalume Josamu: Paja Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirapo ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. Bambo anaponda momwe anaponda Ngwazi.

Chikondi: Akuti Ngwazi inali mu ofesi ndi cholembera, iwo anali pansi ndi fosholo, musawaphatikize 😂

Gift: Agogo sanathe mawu 😂😂

Mphatso: Tikachoka ku Newtown, mlatho wa Mandela uli pafupi, amalume akaimepo koyamba. Kutsidya kwake ndi Braamfontein, kumtunda kuli Constitution Hill. Inali ndende, Gandhi anatsekeredwamo, Mandela nayenso. Mbali ya akaidi akuda inkatchedwa Number Four. Pano khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lili pomwepo, ndipo njerwa zina anamangira khotilo anazichotsa pa ndende yakaleyo.

Mayi aang'ono: Mwana wanga, komponi m'mawa, ndende masana? Ukufuna tibwerere kunyumba ngati tikuchokera kumaliro? Komanso pamenepo ndi pachitunda, maondo a agogo ako uwaganizire.

Bambo a Amina: Amayi akunena zoona. Malo awiri okwanira, lachitatu likhale lokhala pansi n'kudya. Munthu wa zaka 73 simungamuyendetse ngati mwana wa sukulu.

Mayi aang'ono: Zoo Lake. Kulowa ndi ulere, kuli mitengo, kapinga, ana athamangathamanga, ofuna mabwato akwera. Ndinapitako kamodzi ndi ana a abwana, ndinakhala tsiku lonse ndikuyang'anira ana a eni, madziwo sindinawayang'ane n'komwe.

Gift: Musawauze agogo kuti ndi nyanja, adzatiseka. Munthu woti anaona Senga Bay. Muwauze kuti dziwe.

Amalume Josamu: Nanga Soweto yanga yafera pati?

Chikondi: Siinafe amalume. Newtown m'mawa cha m'ma 9, mlatho tingoima pang'ono tijambulitse, Soweto cha m'ma 11, Zoo Lake cha m'ma 2 mpaka dzuwa lipendeke. Constitution Hill tidzapita tokha ulendo wina, Mphatso adzatitsogolera.

Mphatso: Ku Soweto tikafikenso pa chikumbutso cha Hector Pieterson, ndi pafupi ndi Vilakazi, ngakhale wapansi. Mwana wa zaka 12 amene anawomberedwa pa 16 June 1976 ana asukulu akukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Ndipo aliyense adye kota, agogonso alawe.

Azakhali: Buledi wobooledwa wodzaza tchipisi ndi polony uja? Apongozi anga asadye zimenezo, shuga ndi BP mukuzidziwa.

Mphatso: Kaduka kokha azakhali.

Bambo a Amina: Za ndiwo ndisiyireni. Nkhuku ndi nyama ndikagula ku butchala ya halaal ku Fordsburg kuti tonse tidye mphika umodzi, pasakhale za uyu adya izi uyu sadya. Mayi a Amina akazinga usiku wake.

Chikondi: Mwandipatsa ntchito pagulu osandifunsa, bambo a Amina? Chabwino. Koma mpunga ndi kabichi ndi za azakhali, mandasi mayi aang'ono.

Mayi aang'ono: Nsima nanga? Bambo tsiku lopanda nsima amati agona ndi njala.

Azakhali: Ndiphika m'mawa ndiike mu food warmer, ya mgaiwa wabwera nawowo. Ufa wa m'mashopu a kuno adzangoti ndi phala lolimba.

Gift: Mayendedwe bwanji? Basi ya Rea Vaya imafika ku Soweto koma imafuna khadi aliyense, ndipo ndi mapoto athuwa sizingatheke. Kuli mnyamata wa ku Ntcheu amayendetsa minibasi ya Quantum, timapemphera limodzi. Ndamufunsa, akuti tsiku lonse R2,200 mafuta ake omwe, atitenge pa Mayfair n'kutibweza pomwepo. Mipando 15.

Amalume Josamu: Tiwerengane. Bambo, ine ndi azakhali anu ndi Tadala, anayi. Esnart ndi Mphatso ndi Chisomo, 7. Chikondi, mkamwini ndi Amina, 10. Gift, 11.

Gift: Ndili ndi anzanga awiri amalume, timachita lendi limodzi ku Diepsloot. Wina wa ku Mzimba, wina wa ku Mulanje. Wa ku Mzimbayo agogo ake anapita ku Wenela osabwerako, anasanduka mtchona, mpaka lero abale sadziwa komwe anaikidwa. Nditamuuza za komponi ija wandipempha yekha.

Amalume Josamu: Abwere. Koma asonkhe ngati aliyense.

Mayi aang'ono: Ndi anzako aamuna okhaokha Gift? Uja amakuimbira pa video Lamulungu lililonse sitimuona?

Gift: Netiweki yavuta kuno mayi, sindikuona mauthenga.

Chikondi: 😂 Masamu ndi awa. Akuluakulu olipira tilipo 8, agogo ndi ana sakulipira. R400 aliyense ikukwana R3,200. Galimoto R2,200, yotsala R1,000 ndi ya ndiwo ndi zakumwa. Zolowera pakhomo aliyense adzilipirire, za agogo ndi za amalume monga mwana wamkulu. Mphatso, uimbe foni malo onsewo, ufunse mitengo ya ana ndi okalamba, makamaka ufunse ngati amatsegula pa holide. Tisakafike pageti lotseka ndi mapoto a mpunga.

Mphatso: Ndiimba mawa ndikaweruka. Airtime mayi.

Mayi aang'ono: Ndinadziwa.

Bambo a Amina: Ndalama zifike kwa mayi a Amina pasanafike pa 20, nyama ndikagule nthawi ilipo. Za "ndikupatsa pa tsikulo" ayi, tinaziona pa ukwati uja.

Gift: Alamu, nkhani yakale ija mpaka lero?

Amalume Josamu: Chinanso. Aliyense atenge pasipoti ndi mapepala ake, anzako aja uwauzenso Gift. Pasipoti ya bambo isunge iwe Chikondi. M'tauni mafoni m'thumba, wojambula akhale mmodzi, Tadala, ena tidzalandira pagulu pano. Ndipo 8 koloko ndi 8 koloko, wochedwa atipeza ku Newtown pa takisi yakeyake.

Azakhali: Wochedwa woyamba timamudziwa, ndimagona naye nyumba imodzi.

Chikondi: Agogo akufunsa ngati galimotoyo ingadutse ku Boksburg. Ndawauza kuti ndi kum'mawa, njira ina, tsiku silingakwane. Akuti sakufuna kutsika, angoona ngati chulu cha mchenga wachikasu chomwe chinali kuseri kwa komponi yawo chikadalipo.

Amalume Josamu: Milu yambiri ija anaigumula, akuti ankasefanso golide wotsalira. Kaya chawocho. Uwauze kuti Lamulungu likubwerali ndibwereka bakkie ya kuntchito, tipita awiri, ine ndi iwo. Asauze Gift.

Gift: Ndili pompano amalume.

Chikondi: Avomera. Akuti mubwere ndi jekete lina, la kumudzi lija silikuthandiza mphepo ya kuno m'mawa. Ndipo mayi aang'ono, usipa wanu Amina watsegula kale pepala, fulumirani.