Tigule mkaka wa m'zitini kapena tipereke ndalama?

Mayi wa ku Chibavi:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za chithandizo cha ana pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Gulu lathu la amayi a kutchalitchi kuno ku Mzuzu lakhala likusonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo tili ndi matumba anayi a zovala za ana ndi mabulangete, podziwa kuti mvula ikafika pachimake sipalephera kumveka zoti madzi asefukira ku Karonga kapena ku Nsanje. Pamsonkhano wapitawu tinagawanika, ena akuti tigule mkaka wa makanda wa m'zitini, shuga ndi mabisiketi, ena akuti ndalamazo tizipereke ku bungwe limene limagwira kale ntchitoyi. Ine ndili kumbali ya ogula katundu, chifukwa chimene wanyamula ndi manja ako umadziwa kumene chafika. Kodi ndikulakwitsa?

Namwino wopuma ntchito, Katoto:

Mayi, cholinga chanu n'chabwino, koma mkakawo ndikukupemphani kuti muusiye. Kumisasa ya anthu othawa madzi zitsime zimakhala zitalowa zonyansa za m'zimbudzi zogumuka, nkhuni zowiritsira madzi zimakhala zonyowa, ndipo khanda limene linali kuyamwa bwinobwino likamwetsedwa mkaka wosungunulira m'madzi otero limayamba kutsekula m'mimba. Mayi akachepetsa kuyamwitsa, mawere nawonso amachepetsa mkaka, moti chitini chikatha mwanayo amasowa pogwira. Kumbukirani kuti namondwe wa Freddy, amene anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 mu Malichi 2023, anapeza dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera. Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha, choncho mukafuna kumuthandiza dyetsani mayi ake.

Mwana wonyentchera ndi nkhani ina. Alangizi a zaumoyo amayeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 ndi kalamba ka mitundu itatu, ndipo muyezo ukagwera pofiira, pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi akatupa moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, mwanayo amafunika chithandizo cha kuchipatala. Ambiri amapatsidwa chiponde, chopangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, chimene sichilira madzi kapena moto. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi, komabe ndinaonapo mayi akufinyira ana atatu paketi imodzi pa zala chifukwa kunyumba kunalibe ufa, ndipo ndinasowa mawu omudzudzulira. Ufa, nyemba ndi Likuni Phala zoperekedwa kwa banja lonse ndi zimene zimachititsa kuti chiponde chifike m'kamwa mwa wodwalayo.

Mphunzitsi wa ku Luwinga:

Ndikugwirizana ndi amayi anamwino, ndipo ndiwonjezerepo za mayendedwe. Ndalama yobwerekera galimoto kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Nsanje ingathe kuposa mtengo wa katundu amene mwanyamulayo, ndipo mukafika nokha osadzera kukhonsolo ya boma, kumene nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (DoDMA) ndi a Red Cross amakhala ndi kaundula wa okhudzidwa, mumathera pamsasa wa m'mbali mwa msewu umene walandira kale kangapo, pomwe wakutali sunaone kanthu. Misasa yambiri imakhala m'makalasi, ndiye makope, zolembera ndi sopo zimathandiza kwambiri sukulu ikamatsegulidwanso.

Musaiwalenso ana othawa nkhondo. Ambiri ochokera ku Congo ndi ku Burundi amalowera ku Karonga asanapititsidwe ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo lero uli ndi anthu oposa 50,000, ochuluka kangapo kuposa amene unakonzedwera. Iwowa vuto lawo silitha mvula ikaleka.

Bambo wa ku Masasa:

Pepani amayi, koma ine ndikudabwa kuti maso onse ali kutali. Kuno kwathu nyumba zomangidwa pamatsitso zimagumuka mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, ndipo ana amagona pakhonde la tchalitchi m'kuzizira kwa Mzuzu kumene mukukudziwa. Mabulangete anuwo akhoza kufika kwa iwo pa njinga ya kabaza tsiku lomwelo. Ndalama perekani ku bungwe ngati mwasankha kutero, koma mutenge lisiti ndipo muliwerenge pamaso pa onse amene anasonkha.

Mayi wa ku Chibavi:

Zikomo nonse. Za mkaka ndagonja, ndipo ndikawafotokozera anzanga Lachinayi lino monga mwanenera amayi anamwino. Mabulangete tiwasunga kuti athandize konkuno, koma za ndalama ndikanakonda kumva kwa amene anaperekapo kudzera kukhonsolo: kodi amalola kuti mmodzi wa ife akakhalepo tsiku logawa?