Kodi sukulu ya udokotala ija inayamba liti?

Mayi wa ku Chibavi: Mwana wanga wamkazi wamusankha udokotala ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences). Ine ndimadziwa College of Medicine ya ku Blantyre. Ndi yomweyo kodi?

Namwino wopuma, Katoto: Zikomo kwambiri amayi, mwalera! Ndi yomweyo. Inatsegulidwa mu 1991 pansi pa University of Malawi. Kale madokotala athu ankakaphunzira kunja, ena osabwerako. Mu 2021 anaiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing, n'kukhala KUHeS. Mwanayo azikaphunzirira pa odwala ku chipatala cha Queens ku Blantyre, za umoyo wa m'midzi ku Mangochi.

Bambo wa ku Luwinga: Chimandiwawa n'chakuti zonsezi zili kutali. Mzuzu Central ilipo, bwanji ana athu osayambira konkuno?

Mayi wa ku Chibavi: Akamaliza abwerere kuno, ndamuuza kale.